Galimoto ya Arvo pa Chitunda cha ku Manda

Maso atayamba kumuvuta, Arvo Lahti anapereka makiyi a galimoto yake kwa Darren, mkamwini wake. Inali galimoto yakalekale yobiriwira, koma injini yake inali ndi tebo, kachipangizo kopopera mpweya kuti galimoto izikoka mwamphamvu. Arvo sankaithamangitsa n'komwe.

"Muzingoithira oyilo wabwino, bambo," anatero mkuluyo. "Ilibe vuto lililonse."

Darren anavomera. Koma anzake a kudoko la Duluth, komwe ankagwira ntchito, sanachedwe kumuseka kuti akuyendera galimoto ya agogo. Ndiye Loweruka lililonse anayamba kudzitsekera m'galaja. Zodula sakanazitha, choncho ankasaka zotchipa. Anaika sefa ya mpweya yofiira, kavalavu kokakamiza tebo kupopa kwambiri, ndi ekizozi yaikulu yomwe munthu wina anatopa nayo. Anawonjezanso kachitsulo kolira kuti "tchiiu!" akamasintha giya. Mapaipi atsopano a mpweya anawamanga ndi zomangira zakale zomwe zija, akuti zolimba adzagula mtsogolo.

Galimoto inayambadi kuuluka, ndipo kudoko kuja kuseka kunatha. Koma akamapita kwa apongozi ake, Darren ankatenga galimoto ya mkazi wake Jolene, n'kumanena kuti inayo akuisunga kuopa mchere wothira m'misewu nthawi ya chisanu, womwe umachititsa galimoto dzimbiri. Jolene ankangopukusa mutu.

Arvo anamwalira mu Epulo, chipale chofewa chikusungunuka. M'mawa wa tsiku la maliro, Marlys, mkazi wa malemuyo, anamugwira Darren dzanja.

"Ine kumanda ndipita pa galimoto ya bambo anu. Tinayenda nayo moyo wonse. Kaitengeni."

Darren anayang'ana Jolene, koma Jolene anayang'ana kumbali. Ekizozi yakale ya galimotoyo Darren anali ataitaya kalekale. Anapita kukatenga galimotoyo.

Mwambo wa m'tchalitchi utatha, Marlys ndi Jolene anakhala kumbuyo, ndipo Curt, mchimwene wake wa Jolene, anakhala kutsogolo. Darren atangoliza injini, anthu onse pakhomo pa tchalitchi anatembenuka.

"Alamu," Curt ananong'ona, "iyi ndi galimoto ya bambo, kapena mwabwereka ndege ya asilikali?"

"Khalani chete, alamu, chonde."

Pamalo athyathyathya Darren ankaponda pang'onopang'ono ngati pansi pali minga, ndipo tebo inagona. Koma manda ali pamwamba, ndipo chitunda chake sichinyengereredwa. Galimoto yonyamula maliro itayamba kuwasiya, anaponda moto, n'kusintha giya.

Tchiiu!

"Kodi mu injinimu mwalowa mbalame?" anafunsa Marlys.

Darren anasinthanso giya, kachitsulo kaja n'kuliranso, mokweza kuposa poyamba. Kenako kunamveka phuu! Galimoto inalavula utsi wakuda, n'kunjenjemera, n'kuzima pakati penipeni pa chitunda. Mdipiti wonse unaima kumbuyo kwawo, magetsi ali chiyakire. Kumtunda, galimoto ya maliro nayo inaima kudikira.

Darren anatsegula boneti. Paipi ya mpweya inali itazuka, chomangira chake chikulendewera. Asanaigwire n'komwe anamva chitseko chikutseguka. Marlys anafika, atagwira kachikwama kake ndi manja onse awiri, ndipo anaona mapaipi abuluu, sefa yofiira ndi mawaya omangidwa ndi tepi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Arvo anaziona izi?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mchere uja ndi umenewu?"

Darren anafuna kunena kuti zonsezi zimachotseka. Marlys sanadikire. Anayenda yekha m'matope a chipale mpaka pa galimoto ya abusa, Jolene akumuthamangira pambuyo. Curt anamumenya Darren paphewa.

"Ndikanakuthandizani, koma bokosi silidzinyamula lokha," anatero, n'kukakwera galimoto ina.

Magalimoto anayamba kumulambalala imodziimodzi. Ena ankatsitsa galasi kufunsa ngati akufuna thandizo, ena ankangoyang'ana kutsogolo, ndipo Darren sanadziwe kuti zopweteka kwambiri ndi ziti. Anabwezera paipi ija ndi zala zouma ndi chisanu, n'kumanga ndi sikuludiraiva yomwe inali pansi pa mpando. Pofika kumanda anapeza bokosi latsitsidwa kale. Pamalo pake pakati pa onyamula bokosi panali pataima bambo wina woyandikana nyumba ndi Arvo, wodwala msana.

M'chipinda chapansi cha tchalitchi amayi a mumpingo anali atakonza khofi, masangweji ndi mbatata zophikidwa ndi tchizi. Pakona, Curt ankasimbira asuweni ake nkhani ija. Atafika pa "tchiiu" onse anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Darren anaima pafupi ndi pokoleka majasi, osatenga mbale.

Marlys anamupeza pomwepo. Maso ake anali ofiira. Anatenga kapepala kopukutira m'manja, n'kukanyowetsa m'tambula ya madzi.

"Weramani. Muli ndi girisi pachipumi."

Darren anawerama, mayiyo n'kumupukuta mwamphamvu ngati akutsuka poto.

"Amayi, pepani. Ine..."

"Lero ayi, Darren. Lero ndatopa. Abale a ku Hibbing akufuna chithunzi cha banja lonse asananyamuke. Tiyeni."

Pa chithunzicho Darren anaima kumbuyo kwenikweni, kumapeto, manja akuda aja atawabisa m'matumba.