Nthambi Yapansi ya Mango a Atate

Mphepo ya Lachiwiri ija ndi imene inatiputira mlandu. Nthambi ya mango athu, ija yapansi kwambiri yodumpha mpanda, inakanda denga la aneba athu, Bashi Eddie, mpaka kukanganula lata limodzi, mvula n'kunyowetsa matumba awo a makala. Pofika Lachinayi atcheyamani a gawo lathu kuno ku Katondo anali atagamula kale kuti Loweruka likamatha mtengowo usakhudzenso denga la munthu, apo ayi ugwetsedwe.

Bashi Eddie si munthu woipa, ndisawanamizire. Anabwera okha pampanda, nkhwangwa paphewa, akumwetulira ngati atibweretsera ndiwo.

"Ba Tine, musavutike," anandiuza. "Ise ku Kasama tinayamba kukwela mitengo tikali bana. Nizajuba zonse pamwamba, nisiye chabe thunthu. Zaka zitatu fye, mutengo wabwelela."

Ndimakudziwa kudula kwa kwawo. Munthu amakwera mpaka kunsonga, n'kusadza nthambi zonse kuti akazitenthe m'munda, mtengo n'kutsala njo ngati polo ya magetsi. Umaphukadi, sananame. Koma atate anga, a Langton Daka, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, maso awo anachita ng'ala, ndipo m'nyumba mwathu masana mumatentha ngati mu uvuni. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo amakhala pampando wawo pansi pa mangowo. Zaka zitatu zodikira mthunzi atate alibe, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimenezi, kungoti palibe ankafuna kuzitchula.

Ndinaimbira mlongo wanga Dingani ku Solwezi. Ndiye amene atate anamuphunzitsa kudulira mitengo, masiku amene iwo anasiya ntchito ya njanji n'kumasamalira munda wa zipatso ku Mpima. Ine ntchito yanga inali yotola nthambi pansi.

"Sisi, nili pa shifti mpaka manthi endi," anatero Dingani. "Balekeni bajube chabe. Muzabagulila ambulela."

Ambulera! Ndinadula foni ndisanalankhule mawu oti ndikaulule kwa ansembe.

Madzulo ake ndinawauza atate kuti mtengowo ndidulira ndekha. Anatembenukira kumene kumachokera mawu anga.

"Mkazi sakwera mtengo wa zipatso, iwe Tinenenji. Mango amachita mphutsi."

"Nanga akaudula mutu wonse, atate, mphutsizo zidzalowa m'chiyani?"

Anatambasula dzanja m'mwamba, n'kugwira nthambi yapansi ija pafupi ndi thunthu, n'kudzikoka mpaka kuimirira. Ndi mmene amadzukira masiku onse. Ndodo amaikana, ati ndi ya nkhalamba, ndipo dzanja la munthu amalikankha. Pamene amagwirapo khungwa linasalala mpaka kumanyezimira.

Loweruka ndinalawirira. Ndinavala buluku lakale la Dingani mkati mwa chitenje, ndinatenga sowo ya atate imene ndinainola dzulo lake, ndinatsamiritsa makwerero obwereka kutchalitchi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pakhomo pano wamkulu wotsala ndi maso ndine. Ndinali ndi mantha, ndisabise. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chiyambire sindinakwerepo china choposa basi.

Atate anamva makwerero akulira. Ndinafika pamphanda yoyamba, ndinasankha nthambi yonenepa yoloza kwa Bashi Eddie, n'kuyamba kucheka kuchokera pamwamba, mwamphamvu, ndi mkwiyo wonse wa sabata imeneyo.

"Leka!"

Ndinatsala pang'ono kugwa.

"Ukucheka nyama kapena mtengo? Ukayamba pamwamba, nthambi ikamagwa isenda khungwa mpaka pathunthu. Zaka zonse zija unkatola nthambi, maso unasiya kuti?"

"Munkaphunzitsa Dingani, atate. Ine munkandituma madzi."

Anapukusa mutu, akutafuna mkamwa mopanda kanthu. Kenaka anakoka mpando wawo kuusendeza pang'ono, n'kukweza nkhope ngati munthu womvetsera wailesi.

"Popeza wakwera kale, mango aonongeka kale. Tisaononge ndi mtengo womwe. Yamba ndi zouma."

Umo ndi mmene tinagwirira, iwo pansi ine m'mwamba. Zouma zinayamba kugwa. Kenaka anandiuza ndifune nthambi zopingasana, zimene zimakhulana mphepo ikawomba, ndichotse yofooka pa ziwiri zilizonse. Zina ankazidziwa ndi khutu. "Kumanzere kwako kuli ina imalira ngati chitseko," anatero, ndipo ndinaipezadi, itanyuka mbali imodzi. Kenaka timphukira toongoka tija tothamangira m'kati, tosabala kanthu. Nthambi iliyonse yolemera ankandiwerengera mabala atatu oti ndicheke: loyamba pansi pake, pang'ono chabe, lachiwiri pamwamba, kutsogolo pang'ono, kuti igwe yokha, lachitatu kuchotsa chitsa, pafupi ndi pamene nthambi yatupa polowa m'thunthu, koma osakhudza potupapo.

"Pamenepo ndi pamene mtengo umapolera," anatero. "Ukadulapo, bala silitseka."

Anthu opita kumsika anayamba kuima pamsewu. Mayi wina anafuula kuti, "Imwe, mukazi mu mutengo! Chaka chino mango ni vinyongolosi vekaveka!" Ndinamuyankha kuti chaka chino asatume ana ake kudzagenda, poti sindikufuna adye mphutsi. Anthu anaseka, iye n'kumapita.

Utomoni wa mango unandiwotcha m'manja, nyerere zofiira zinandilowa m'khosi. Bashi Eddie anali atatsamira mpanda nthawi yonseyi, nkhwangwa yawo m'manja, ndipo mtima unkawapweteka poona munthu akuchedwa ndi ntchito ya ola limodzi.

"Ba Tine, mwajuba maningi koma mutengo uoneka chimozimozi!"

"Ndiye kudulirako kumeneko, bambo," atate anawayankha. "Wodutsa asadziwe kuti padutsa sowo."

Dzuwa litafika pamutu ndinafuna kupitiriza, poti dzanja linali litazolowera ndipo kudula kumakoma. Atate anandiletsa. Anatambasula mikono yawo yonse iwiri, manja chagada, n'kukhala choncho kanthawi. Timadontho ta dzuwa tinkayenda pakhungu lawo.

"Basi. Dzuwa likundigwira ngati mvula yowaza. Mphepo tsopano izidutsa m'kati, siziukankhanso mtengo. Pa nthambi zinayi umachotsa imodzi, ukapitirira wayamba kupha. Tsika."

Ndinatsika, ndinamwa madzi, ndinayang'ana m'mwamba. Mtengo unali utapepuka, thambo likuoneka m'mipata. Ndinanyada, ndinene zoona. Koma Bashi Eddie anakhosomola.

"Mwagwila nchito, ba Tine, nachindika. Manje iyi?"

Analoza nthambi yapansi ija. Inali pomwepo, itadumpha mpanda, nsonga yake itagona pamalata awo. Tsiku lonse ndinkaizungulira ngati sindikuiona.

"Ndingoidula kunsonga," ndinatero msanga. "Ithere pampanda."

"Ukaidula pakati iphukira khumi," atate anatero, osakweza mawu. "Chaka chamawa zonse khumi zili padenga la eni ake, atcheyamani n'kubwera ndi makina. Mtengo wa pakati pa nyumba umakwezedwa, mwana wanga. Zapansi zimachoka kuti denga lipume. Ndinayenera kuichotsa ine ikadali ngati chala, koma amako ankayanikapo matewera anu."

"Atate, ndi imene mumadzukira."

"Ndikudziwa imene ndimadzukira."

Ndinakwiya. Ndinakwiyira Bashi Eddie ndi chipinda chawo cha makala chomanga mogundiza mpanda, ndinakwiyira Dingani ndi shifti yake, ndinakwiyira ngakhale nthambiyo. Koma kusankha kunali kuwiri kokha, nthambi imodzi kapena mthunzi wonse, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka.

Atate anaimirira, komaliza kudzikoka ndi nthambi yawo. Sanaisiye. Anayendetsa zala zawo kudutsa posalala paja mpaka pamene yatupa polowa m'thunthu, n'kubwerera pang'ono.

"Bweretsa sowo. Apa. Wapaona?"

"Ndapaona."

"Lomaliza ucheke apa, osati apa. Bashi Eddie, gwirani kunsonga ndi chingwe isakugwetsereni lata lina."

Bashi Eddie anaika nkhwangwa pansi n'kukwera padenga lawo. Ndinawabweza atate pampando, n'kuusunthira kuseri kwa thunthu. Ndinacheka loyamba pansi. Ndinacheka lachiwiri pamwamba, ndipo nthambi inalira, n'kuthyoka bwinobwino osasenda khungwa, Bashi Eddie n'kuitsitsa pang'onopang'ono mbali ya kwawo. Lachitatu ndinacheka modekha kuposa onse, misozi ikusakanikirana ndi utuchi, poti chitsa chimene ndinkachotsacho ndi chija chosalala. Chinagwera pamapazi anga.

Atate anapempha kuti ndiwafikitse pabalapo. Analisisita kuzungulira konse ndi chala chachikulu, kufuna polakwika. Anafuna nthawi yaitali ndithu.

"Dingani amasiya zitsa," anatero pomaliza.

Kwa a Langton Daka, amenewo ndi mawu aakulu, ndipo sindinayembekezere ena. Atcheyamani atabwera madzulo anayenda pansi pa mtengo osawerama, anayang'ana mpata wa pakati pa masamba ndi denga, anati nkhani yatha. Bashi Eddie anapempha nthambi zouma zija, ndinawapatsa zonse.

Mpando ndinaubwezera pamalo pake, mumthunzi. Atate anakhala mpaka belu la kutchalitchi linalira, ine ndikusesa masamba chapafupi. Kenaka ndinaona dzanja lawo likukwera lokha m'mwamba, mmene lakhala likukwerera zaka zonsezi. Linafufuza kumanja, linafufuza kumanzere, linapeza mphepo. Linakhala m'malere choncho, osatsika.

Ndinagwetsa tsache, ndinapita n'kuika mkono wanga pamene panali nthambi. Zala zawo zinaugunda, zinazengereza. Ndinadikira kuti andikankhe.

"Ukulimba?" anafunsa.

"Kokani, atate."

Anakoka.