Soya wa Alamu

Malita anali atawerama pakati pa maungu, akuthyola nkhwani, pamene foni inalira m'jekete la mwamuna wake. Linali Loweruka la mu Seputembala. Iye analibe shifiti kunyumba yosamalira okalamba, mwamuna wakeyo Overtone naye anali pa ofu kuweyahausi yosungira katundu, ndiye anabwera kukadimba kawo ka lendi kuseri kwa njanji ku Rotherham, ku Mangalande.

"Ndi alamu Lucius," anatero Overtone. "Akupumira m'mwamba."

Lucius anali mlongo wake wamng'ono wa Malita. Ankasunga munda umene mayi awo anasiya kumapiri a ku Neno, ndipo kumeneko netiweki imapezeka pamwamba pa thanthwe basi. Nkhope yake inadzaza foni yonse, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, kwabwera ndondomeko yatsopano. Akuti dziko likufuna mbewu zogulitsa kunja. Pali kampani ya Atchaina ikupereka soya ndi feteleza, ikulima ndi thirakitala, kenako idzagula zonse. Koma munda ukhale wa soya yekhayekha. Nandolo azulidwe, maungu ayi, chimanga cha makolo ayi. Mayina akutseka Lolemba. Ndilembetse?"

"Lembetsani, alamu!" anafuula Overtone. "Imeneyo ndiye bizinesi!"

Malita anaweramuka, nkhwani kumanja. "Bambo a Rose, mkamwini asamakule mwendo. Inu wa mu Area 25, khasu mwaligwirira kuno ku Mangalande."

"Ndaligwira mochedwa, inde, koma maso ndili nawo. Chaka chatha nkhokwe inatha mu Januwale. Nthaka ija yatopa, amake Rose. Tizingodya mbiri ya agogo?"

Malita anadziwa kuti mwamunayo sankanama. Chimanga chinkafupika chaka ndi chaka. Komabe ankaudziwa munda uja ngati chikhatho chake: wotsetsereka, wamiyala, mizere yopingasa phiri. Chimanga chikakana, nandolo ankavomera. Nandolo akakana, ana ankagonera maungu. Kuzula zonsezo chifukwa cha anthu amene sanawaonepo, mtima wake unkakana.

"Iwe Lucius, thirakitalayo waiona ndi maso ako?"

Lucius anayamba kuseka mpaka foni inaloza kumitambo. "Ndaiona, achemwali. Inabwera Lachiwiri kudzationetsa. Itafika pakhwawa paja inatitimira mpaka m'mimba. Tinaikoka ndi ng'ombe za a Herbert, mudzi wonse ukuimba nyimbo. Woyendetsayo anagona kwathu, anadya mkute wa nandolo yemweyo akuti tizule."

Overtone anaseka mpaka anakhala pansi pa wilibala.

Phokosolo linadzutsa a Terence, mzungu wachikulire wa dimba loyandikana ndi lawo, amene ankawodzera pampando pafupi ndi kabichi wawo. Anasendera kumpanda n'kufunsa ngati kwabadwa mwana. Malita anawafotokozera m'Chingerezi. A Terence anavula chipewa, nakanda dazi.

"Ine kwathu ndi kumapiri, kumpoto uko," anatero. "Bambo anga anauzidwa kuti achulukitse nkhosa, anachulukitsa. Mng'ono wanga pano akuuzidwa kuti azichepetse, adzale mitengo. Ndondomeko imabwera ndi galimoto, imabwereranso ndi galimoto. Phiri limatsala ndi iwe."

"Mwamva?" anatero Malita.

"Komatu mng'ono wangayo anadzala mitengoyo mbali ina," anapitiriza a Terence, "ndipo ndi ndalama zimene anam'patsa, denga lake lasiya kudontha."

"Mwamva?" anabweza Overtone, mano onse pamtunda.

Malita anawayang'ana amuna awiriwo, wina pawilibala, wina pampanda. Kenako analanda foni.

"Lucius, kodi akulola theka la munda?"

"Akuti bola pakhale pamene thirakitala ingafike."

"Ndiye kumunsi kuja, kufupi ndi mtsinje, kumene kuli kosalala. Kumeneko lembetsa. Kumtunda usakhudze ngakhale tsinde limodzi la nandolo. Mbewu ya amayi ija uimangirire kutsindwi la khitchini monga mwa nthawi zonse, utsi uziipitikitsira anankafumbwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Nanga soyayo akapanda kugulidwa?"

"Adzadya ndi alamu akowa. Uzidzawatumizira phala lake mpaka adzalankhule Chitchaina."

"Ndavomera!" anatero Overtone, akudzigunda pachifuwa. "Gawo limenelo ndi langa. Alamu, muzindiuza chilichonse, tsiku lodzala, tsiku lopalira. Ndipo manyowa a mbuzi aja musamangowasiya m'khola, akathireni kumtunda kwa achemwali anuwa. Ndaona kuno mmene a Terence amachitira ndi a akavalo."

Malita anamuyang'ana cham'mbali. "Ohoo, tsopano mwasanduka mlangizi?"

"Mlangizi wa ku Rotherham, wodziwa mapiri onse."

"Ineyo nditsike," anatero Lucius. "Mbuzi zalowa m'dimba la eni ake, ndikuziona kuchokera pano." Foni inazima.

Kunayamba kuwaza kamvula kaja kosatha ka ku Mangalande. Malita anagawa nkhwani pawiri, wina anapatsira a Terence pampanda, nawauza kuti asaiwale kusadzula ulusi wake asanaphike. Iwo anamubwezera kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu. Overtone ananyamula kabichiyo paphewa mpaka pa siteji ya basi, akufunsa njira yonse ngati soya amadzalidwa ngati mtedza kapena ngati nyemba. Malita anamuyankha zina, zina anangoti akafunse kampani yake.

Mu Januwale, chisanu chitaundana pamawindo, Lucius anatumiza chithunzi. Kumtunda chimanga chinali chitafika m'chiuno, maungu akuyanga pansi pake. Kumunsi soya anali wobiriwira, m'mizere yowongoka ngati ana a sukulu pa asembule. Pakati pake Lucius anali atakhoma thabwa pamtengo, nalembapo ndi makala kuti: ESITETI YA ALAMU, OSALOWA.

Overtone anachiika chithunzicho pankhope pa foni yake. Mlungu wonsewo, pa nthawi ya tiyi kuweyahausi, panalibe Mpolishi kapena Mnaijeriya amene anapulumuka osachiona.