Moto wa Dzulo

Nyuzipepala itasiya kusindikizidwa, mumzindamo munalibe wolira kupatula ogulitsa nsomba, amene anasowa pokulungira malonda awo. Makina osindikizira anagulitsidwa ngati zitsulo zakutha, ndipo atolankhani anachoka mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. Anatsala a Inki okha, mtolankhani amene anakalambira pa desiki yoyandikana ndi chimbudzi.

Mkonzi watsopano, mayi woyenda ndi mafoni awiri, anawaitana.

"Bambo, masiku ano nkhani timaulutsa pa foni, pompopompo. Mukakwanitsa, mukhala. Mukalephera, pampando panupo tiikapo duwa."

A Inki anachita mantha zenizeni. Kunja kwa ofesiyo sankadziwa ntchito ina iliyonse, ngakhale kukhoma msomali.

Masana omwewo sitolo ya matiresi inagwira moto. Anathamangira komweko, anakonza tayi, n'kuima kutsogolo kwa foni. Koma chizolowezi ndi matenda. Moyo wawo wonse, nkhani yolembedwa lero inkawerengedwa mawa, choncho chilichonse chochitika lero ankachilemba kuti chinachitika dzulo. Dzanja linazolowera, pakamwa n'kutengera.

"Moto unabuka dzulo pa sitolo ya matiresi," anayamba motero, kumbuyo kwawo malawi akunyambita denga, mwini sitolo akuthamanga ndi ndowa yopanda madzi. "Ozimitsa moto anafika dzulo mochedwa."

Apo n'kuti ozimitsawo asanafike n'komwe.

Mzinda wonse unafa ndi phwete. Anthu anatumizirana kanemayo mpaka anafika kwa apongozi a mtolankhaniyo. A Inki anabwerera ku ofesi manyazi atawagwira, n'kuyamba kulongedza kapu yawo m'katoni. Mkonzi analowa akuvina.

"Mwatchuka, bambo! Bwezerani kapuyo. Tsiku lililonse muzionekera."

Mawa lake mlatho wa oyenda pansi unagwa pafupi ndi msika. A Inki anafuna kutsuka dzina lawo. Anafunsa mboni, anafunsa injiniya, anafunsanso mayi wina amene mwana wake anathyoka mwendo. Kenako anaima bwinobwino, mkonzi atawagwirira foni.

"Mlatho wagwa lero..."

Oonera pa foni anayamba kuthawa. Mkonzi anatuzula maso.

"Nenani dzulo, bambo," ananong'ona.

"Koma mayi, mlathowu wagwa lero. Fumbi lake ndi ili."

"Wakufunsani za mlatho ndani?"

A Inki zinawapweteka mumtima. Pa ntchito yawo analakwitsapo mayina, analakwitsapo masiku, koma kunama akudziwa anali asananamepo. Anayang'ana mayi wa mwana uja, amene ankadikira kuti dziko limve dandaulo lake. Kenako anakumbukira mpando wawo, ndi duwa lija.

Anakonza tayi.

"Mlatho unagwa dzulo," anatero mokweza, ndipo timitima tofiira tinayamba kuuluka pa foni.