Mchira wa Ndege ya a Lumír

"Kokani chingwecho, achimwene, musachilekerere," anatero a Oldřich atagwada kumbuyo kwa ndege, diso limodzi atatsinzina.

A Lumír anakoka. Ndege ya mipando iwiriyi inabwera m'mabokosi, ndipo iwo anailumikiza okha kwa zaka zisanu ndi ziwiri m'khola lakale la ng'ombe kuseri kwa nyumba. Chinatsala ndi siginecha ya a Oldřich, mnzawo wa paubwana, amene ntchito yawo inali kuyendera ndege zopangira pakhomo zisanaloledwe kuuluka. Koma nthawi inali itawathera a Lumír. Kalata ya dokotala yowalola kuyendetsa ndege inkatha pa 30 Seputembala, ndipo dokotalayo atamvetsera mtima wawo ananeneratu kuti sadzalembanso ina.

"Timapiko ta kumchirati sitikugwirizana," anatero a Oldřich. "Ka kumanzere katsika ndi chala chathunthu. Iti nditi timakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege, si zokongoletsa ayi. Munayeza bwanji?"

"Ndi tepi, kuchokera pansi. Katatu konse!"

Mayi Jarmila, akazi awo a Lumír, anali atangolowa ndi khofi. Anaika makapu patebulo, natenga botolo la madzi n'kuthirako pasimenti. Madziwo sanazengereze, anayenderera kulunjika kungalande ya kukhoma.

"Khola limeneli bambo anga analipendeketsa dala kuti mikodzo ya ng'ombe izitsika yokha," anatero. "Ndakolopa muno kuyambira ndili mtsikana. Mukanandifunsa, a injiniya. Koma inu mumati ine ndimangodziwa za nkhuku."

A Oldřich anaseka mpaka kutsokomola. A Lumír sanaseke. Munthu amene ankapukuta kamsomali kalikonse ndi nsalu, n'kugonja kwa simenti ya ng'ombe! Zinawapweteka zedi.

"Chitsulo cholumikiza timapikoti munachiboola kale molakwika," anapitiriza a Oldřich. "Mumasule zonse, muitanitse china kufakitale. Masabata asanu ndi limodzi chafika."

"Lero ndi pa 5 Seputembala, Olda," anatero a Lumír, powatchula a Oldřich dzina lawo la paubwana.

"Kalendala ndili nayo."

"Chala chimodzi chokha! Ndikwere kamodzi, ndizungulire tchalitchi, nditere. Tinkaba limodzi mphesa m'munda wa abambo mfumu, lero ukundiwerengera malamulo?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndisaine lero, Loweruka ndidzanyamule bokosi lako la maliro? Msana wanga sulola."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo," anatero mayi Jarmila, mawu atafewa.

"Nkhono ilibe dokotala," anayankha a Lumír, natuluka panja.

Anakaima pakhomo la kholalo. Kutsidya kwa minda ya mphesa, kandege ka munthu wina kankakwera pang'onopang'ono, ndipo anakatsatira ndi maso mpaka kanasowa. Zaka makumi atatu anayendetsa basi pamsewu wa m'chigwa chimenechi, ndipo paphiri lililonse ankasuzumira kumwamba. Analakalaka kudzauona msewuwo uli pansi pawo, waung'ono ngati ulusi, iwo ali m'ndege yopanga ndi manja awo, atakhala kumanzere, pampando wa woyendetsa. Usiku uliwonse wa zaka zisanu ndi ziwirizo ulendowu ankauyenda m'mutu. Tsopano anadziwa kuti sadzauyenda.

M'kholamo khofi anazirala. Mayi Jarmila anafuna kuwatsatira, koma a Oldřich anawaletsa ndi dzanja.

Patapita nthawi a Lumír anabwerera. Anazungulira ndegeyo, nasisita kapiko kotsikako ndi chikhato, kenaka anaima mbali ya kumanja n'kuyang'ana mpando umene sanaukhalepo chiyambire.

"Olda, kalata yako ya dokotala ikadali yamoyo?"

"Mpaka chaka chamawa."

"Nanga wokhala kumanja amamupimanso mtima?"

"Ameneyo ndi katundu chabe. Bola asamalankhule kwambiri."

"Ungadutse nane pamwamba pa msewu wa basi? Motsika, kuti ndione masiteji onse."

A Oldřich anayankha kuti, "Ndidutsa kawiri."

A Lumír anagwedeza mutu. Anavula jekete, natenga sipanala n'kugwada pansi pa mchira.

"Jarmila, takatenga levulo yoyezera kupendekeka m'nyumba," anatero. "Ulendo uno uyeza ndiwe."