Galasi la Malizani

Fackson anaika kanthuko patebulo nʼkupukuta dzanja pa thalauza ngati wagwira chule.

“Ichi tachipeza mʼmutu mwa bedi, chokulunga mʼnsalu yakuda,” anatero. “Alamu, tiuzeni. Nʼchiyani?”

Teleza anayangʼana kanthuko. Linali tsiku lachitatu chiikireni mwamuna wake, Malizani, makaniko wa ku fakitale ya tiyi, ndipo mawa lake achibale amayenera kumusudzula kuti akhale mfulu abwerere kwawo ku Nchilamwela. Koma Fackson, mkulu wake wa malemu, anali atanenetsa kuti sasudzula mfiti. Nʼchifukwa chake masana amenewo anali mʼholo ya pa esiteti, mawindo atatsekedwa ndi masaka. Panali Fackson, mlongo wake Ester, Teleza, ndi a Zakeyu, amalume ake a Teleza, amene anangokumbatira chipewa pa mawondo.

“Ndi galasi la kamera, alamu,” anatero Teleza. “Bwana wa ku fakitale uja anapita kwawo zaka zitatu zapitazo anawasiyira malemu pamodzi ndi kamerayo ndi makina oonetserawo.”

“Galasi lanji loti ukayangʼaniramo nkhope ya munthu imapotoka? Ester, wasuzumiramo wekha.”

“Ndasuzumira,” Ester anatero. “Achimwene, musandikumbutse.”

Fackson anakodola mlonda wa holoyo, amene ankadziwa kukoleka filimu. Makinawo anayamba kutetera, ndipo pa nsalu ya bedi imene anaipachika kukhoma panaoneka khonde la nyumba ya Malizani ku malaini a antchito. Linali tsiku la ubatizo wa Joan, mwana wa Malizani, zaka ziwiri zapitazo.

Ngakhale a Zakeyu anapumira mʼmwamba. Malizani anali pa benchi, koma sanali Malizani wa nthawi imeneyo, uja ankadula mabatani a malaya ndi mimba. Anali wowonda, nkhope yaitali, mapewa opanikizana, ndendende mmene analili sabata yomaliza kuchipatala ku Makwasa chifuwa chitamumaliza.

“Mwaona?” Mawu a Fackson anasweka. “Apa anali asanatsokomole nʼkamodzi komwe. Anajambula ndani? Si inu? Munamuyangʼana ndi chigalasi ichi, mwana wa mayi anga nʼkuyamba kuuma.”

“Taonani ine!” Ester anakuwa. Pansalupo iyenso anali atatsala ngati bango, chikhalirecho mayiyu ankadzaza mpando wa anthu awiri. “Ndiye kuti wotsatira ndine! Mayo ine!”

“Zaka ziwiri zatha, mayi, ndipo simunachepe paliponse,” a Zakeyu anangʼungʼudza. Palibe anaseka.

Teleza anachita mantha, mantha enieni. Ankadziwa kuti nkhani ikatuluka mʼholomo mmene inalilimu, ikafika ku Luchenza dzuwa lisanalowe, ndipo Joan adzakula akulozedwa chala. Komanso anakwiya. Miyezi isanu ndi iwiri anachapa nsanza za magazi yekha, ndipo Fackson, amene ankalira kwambiri lero, sanabwere nʼtsiku limodzi lomwe kudzazonda. Abale awiriwa anayambana kalekale, pamene Malizani anakana mkazi amene Fackson anamupezera.

“Imitsani,” anatero Teleza. “Bwezani filimuyo poyambira.”

“Musagwire kanthu!”

“Alamu, pansalupo panali mtondo pafupi ndi khonde. Munauona? Nawonso unawonda. Mtondo ndinaulodzeranji? Nanga galu uja?”

Fackson anayangʼananso pansalupo.

“Galasili limagwira ntchito kawiri,” Teleza anapitiriza. “Pojambula mumalimanga kutsogolo kwa kamera. Limaona malo aakulu, uku ndi uku, nʼkuwapanikiza kuti akwane pa kafilimu kakangʼonoka. Poonetsa mumalimanganso kutsogolo kwa makinawa kuti litambasule zimene linapanikiza. Inu mwaonetsa galasi lili patebulo. Mukanandifunsa.”

“Zonama,” anatero Fackson.

“Mulekeni ayese,” anatero a Zakeyu. “Zikakanika, ine ndemwe ndimutenga usiku usanade, osasudzulidwa, ndipo sitidzatsutsa.”

Teleza anawayangʼana amalume akewo. Anamuika pamoto osamufunsa. Iye anali asanamangepo galasilo pa makina oonetsera. Ntchito imeneyo inali ya Malizani, iye ankangoonerera. Anatenga kachitsulo kogwirira mʼbokosi la zida za malemu nʼkumanga galasilo. Kenako anatulutsa nsalu ziwiri za bedi zosokedwa pamodzi. Anazisoka yekha kale Malizani atamupempha, akudandaula kuti munthu wanzeru sawononga nsalu zabwino chifukwa cha zithunzi.

Pozipachika kukhoma anapeza kuti msomali wa mbali imodzi unali utazuka. Mʼholomo wamtali anali Fackson yekha.

“Gwirani ngodya iyo, alamu.”

Anagwira monyinyirika, nkhope atayangʼanitsa kumbali.

Makina anateteranso. Chithunzi chinabwera chopendekeka, nyumba ikugwera kumanzere, anthu atapindika ngati chimanga cha mphepo. Ester analira mokweza nʼkuthamangira kuchitseko.

“Basi! Zakwana!” Fackson anakuwa.

Teleza sanamumve. Ankamva mawu a Malizani mʼmutu mwake: usayangʼane anthu, mayi a Joan, anthu amasokoneza, yangʼana mphuthu ya chitseko. Anapotoza galasilo pangʼonopangʼono. Mphuthu inapendekera kwina. Anabweza. Inadzuka, inadzuka, mpaka inaima chilili.

Chithunzi chinatambasuka kuchokera kumapeto a nsalu kufika kumapeto ena. Mtondo unanenepa. Ester anabwerera mʼthupi lake lonse, ndipo ali pachitsekopo anasiya kulira nʼkudziyangʼanitsitsa. Kumbuyo mizere ya tiyi inayala mpaka kuphiri. Ndipo pakati panali Malizani, wamasaya, batani limodzi kulibe, akuseka mwana ali pamwendo.

Teleza anagwira pakamwa. Sanaganize kuti kumuona wamoyo kungapweteke kuposa kumuona mʼbokosi.

“Uyo ndani kumapetoko?” anafunsa a Zakeyu.

Chakumapeto kwa nsalu, pansi penipeni pa dzanja la Fackson, panali mitengo ya bulugamu. Poyamba paja zonse zinangooneka ngati mizati. Tsopano mzati umodzi unali munthu atatsamira njinga, chipewa atachitsitsira kumaso.

Fackson anayangʼana pansi pa mkono wake nʼkudziona.

“Ine sindinabwere tsiku limeneli,” anatero motsitsa.

“Munabwera. Munaima pamenepo mpaka nyimbo zinatha, nʼkubwerera.” Teleza analoza pansalupo. “Bambo a Joan anakuonani. Anandiuza kuti, ‘Usalozetse kamera kwa achimwene, athawa. Iwe loza ine. Galasili liwatenga lokha.’ Mukudziwa chifukwa chake linkagona kumutu kwa bedi? Filimu imeneyi ankaionera Loweruka lililonse anthu akatuluka mʼholo muno. Ankati banja lonse lilimo.”

Filimu inatha. Pansalu panangotsala kuwala koyera, ndi kamchira ka filimu kakukwapula makina. Fackson sanatsitse mkono.

“Amalume,” anatero osatembenuka, “mawa mʼmamawa. Tidzamusudzula bwinobwino, ndi katundu wake yense. Izinso nʼza Joan.” Anakhosomola. “Alamu... tabwezaninso.”

Teleza anakoleka yekha filimuyo. Ulendo uno onse anayangʼana pamodzi, ndipo anaona chimene chinawadutsa poyamba. Malizani, maso ali ku kamera ngati sakudziwa kanthu, anasendera kumapeto kwa benchi nʼkusiya malo a munthu mmodzi mbali ya mitengo ija. Kenako anapukuta fumbi pamalopo ndi chikhatho, kawiri.