Dzina la Alamu pa Bowo la Mphepo

"Zimitsani, alamu! Yawiranso!"

Ndinakuwa choncho nthunzi ikufuka m'ndege yathu ngati tikutcheza kachasu. A Tedson, amuna a mlongo wanga Dailesi, anazimitsa injini n'kutsika pang'onopang'ono, magalasi akuda ali kumaso. Ndegeyo tinkaipangira kuseri kwa shedi yanga yowotcherera zitsulo ku Liwaladzi. Injini tinachotsa m'galimoto yakugwa, ndipo madzi a m'lediyeta ankawira anthu asanamalize n'komwe kuwomba m'manja.

Ntchito tinagawana bwino. Ine ndinkadula, kuwotcherera ndi kupsa zala. A Tedson ankayankha mafunso a anthu odutsa.

"Kulitsani bowo lakutsogolo, alamu," anatero. "Imwe mphepo yambiri."

Ndinalikulitsa mpaka mbuzi ikanatha kulowamo. Inawirabe.

Nzeru inakandipeza pamaliro ku Nkhunga. Nthawi yoona nkhope tinaunjikana pakhomo, kukankhana, koma palibe ankalowa chifukwa m'nyumba munali modzaza. Wina atatsegula khomo lakuseri, mzere unayenda wokha. Ndinangotsala pang'ono kuseka pamaliro a eni.

"Alamu," ndinawauza nditabwerera, "mphepo ikungopanikizana kutsogolo kwa lediyeta. Kuseri kwake nako n'kodzaza, ndiye idutsa bwanji? Tiiboolere potulukira m'mbalimu, kuti mphepo yothamanga kunja izikoka yotentha ya m'katiyo."

Ndinachepetsa bowo lakutsogolo, n'kuboola lina lalikulu m'mbali, kuseri kwa injini. Tinailiza m'mawa wonse, madzi ali phee. Sabata imeneyo ngakhale moni ndinkayankha mochedwa, monga amachitira anthu ophunzira. Tinagwirana chanza kuti pandegepo palembedwe mayina athu tonse, ndipo a Tedson anainyamula pa lole kupita nayo ku Dwangwa kuti akaipake penti.

Loweruka lina Dailesi anadutsa pashedi atatchena ngati wa ku ukwati.

"Achimwene, simunasambebe? Atolankhani afika kale ku Ngala."

"Atolankhani a chiyani?"

Anayang'ana nsapato zake. Ndinakwera minibasi ndi ovololo yomweyo.

Pabwalo la mpira ku Ngalako anthu anali atadzaza, ena m'mitengo. Ndege inali psuu, yonyezimira. A Tedson anavala malaya oyera a mikwingwirima m'mapewa, ogula pa kaunjika, ndi magolovesi oyera ngati akukanyamula mkate wa mgonero. Ndinazungulira ndegeyo kufunafuna dzina langa. Sindinalipeze. Bowo langa nalonso sindinalipeze. Pamalo pake panakhomedwa lata losalala, lolembedwa zilembo zagolide: KAPUTENI TEDSON, MMISIRI.

Ndinawakokera pambali.

"Alamu, mwatseka potulukira mphepo."

"Pamanyansa paja, ngati padya makoswe. Komanso mbali yoyang'ana kamera ndi imeneyi."

"Chotsani latalo musanalize injini. Iwira."

"Kuwira munakonza kale inu, si choncho? Musandiyalutse pagulu."

"Nanga dzina langa lili pati?"

"Penti inatha, alamu."

Apo n'kuti mtolankhani, mayi wamtali wonyamula maikolofoni, atafika pafupi. A Tedson anandigwira paphewa ndi nsonga za zala, kuopa kudetsa golovesi.

"Awa ndi a Lenard," anatero. "Amatithandiza kugwira sipanala."

Mayiyo anandimwetulira monga momwe timamwetulira munthu wotipatsa njira. Ndinabwerezanso za bowo lija mokweza, koma wina anali atayamba kale nyimbo pa zokuzira mawu. Mnyamata wa chitetezo, yemwe njinga yake ndinawotcherera ndine, anandiuza kuti ndisunthire kumbuyo kwa chingwe. Ndinasunthira.

Injini inalira bwino, ndisaname. Ndege inayamba kuyenda, fumbi koboo, amayi nthungululu. Mtima wanga wopusawu unayamba kunyadira, poti mfundo iliyonse ya chitsulo chimenecho inadutsa m'manja mwanga. Isanafike pagolo lachiwiri, panamveka phuu! Paipi inaphulika. Nthunzi inakuta mapiko, madzi adzimbiri n'kuthovokira mwa woyendetsa. Ndege inaima, kutsokomola, n'kukhala chete.

A Tedson anatsika msanga kuposa masiku onse. Malaya aja anali ngati agwera m'dambo la mpunga. Anthu anathamangirako, chingwe chinaduka, ndipo khamu linandikankhira kutsogolo.

"Bwana Kaputeni," anafunsa mtolankhani, "chavuta n'chiyani?"

"Ndege ilibe vuto, mayi. Zavuta ndi zoziziritsa injini."

"Nanga zimenezo anapanga ndani?"

A Tedson anavula magalasi, n'kuyendetsa maso pagulu lonse mpaka anandipeza. Anakweza dzanja. Chala cha golovesi, chikudontha madzi adzimbiri, chinaloza pachifuwa panga, ndipo kamera inatembenuka kuchitsatira.