Sikuludiraiva Yosowa mu Wodi Yachitatu

Lamulo loyamba pantchito ya a Sipanala linali kuwerenga. Akafika pakhomo la wodi ankatsegula bokosi lawo la zida patebulo la mlonda n'kuyala zonse poyera: hamala, pulayazi, masipanala atatu, masikuludiraiva awiri ndi tina totero, zonse pamodzi khumi ndi ziwiri. Mlonda ankawerenga, iwo n'kuwerenganso. Potuluka chimodzimodzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukonza zowonongeka pachipatala cha odwala matenda a maganizo, chida sichinaperewepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo iwo ankanyadira zimenezo kuposa china chilichonse.

Ntchito yake inali yachilendo. Amisiri ena amalembedwa kuti azikhoma zinthu, koma a Sipanala theka la ntchito yawo linali kuzula. Msomali pakhoma, zulani. Kokolekera malaya kuseri kwa chitseko, chotsani. Paliponse pamene munthu wotopa ndi moyo angamangirirepo lamba kapena nsanza ya bulangete, iwo ankayenera kupaona munthuyo asanapaone. Magalasi odziyang'anira m'bafa anali achitsulo, moti nkhope inkaoneka ngati ya m'supuni. Mazenera anali ambuu, osaonetsa kunja, ndipo ankatseguka pamwamba pokha, pongokwana zala zitatu. Theka linalo linali la zimbudzi zotsekeka, masinki odontha ndi nsikidzi za m'matiresi. Zimene a Sipanala anavuulapo m'mapaipi a chipatalacho, masokosi, masupuni, makalata opita kwa anthu amene sanabwere, mukanati akunama.

Kunyumba kunalibe wowafunsa kuti mwaswera bwanji. Akazi awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, ndipo ankaimba foni Lamlungu lina, lina ayi, nkhani yake ya mphindi ziwiri. Aneba ankawapatsa moni ataima chapatali. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anauza ana ake kuti asamamwere kapu ya kwa a Sipanala, ati misala imapatsirana. Iwo atamva anaseka, koma zinawawawa, ndipo kuyambira pamenepo ankadya chitseko chili chotseka.

Munthu yekhayo amene ankacheza naye zenizeni anali wodwala wa mu wodi yachitatu, mkulu wina wa imvi amene aliyense ankamutchula kuti a Kalipentala. Wodi yachitatu inali ya amene apezako bwino. Ankatuluka kukawothera dzuwa pabwalo, ankayala okha mabedi awo. A Kalipentala anabweretsedwa ndi achibale awo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, achibalewo n'kunena kuti tibwera Loweruka. Panalibe amene anawaonanso.

"Mwafika, amisiri?" ankatero a Kalipentala akangomva bokosi likulira pakhomo.

"Ndafika, amisiri. Lero mwandisungira chiyani?"

"Bedi lachinayi likugwedera. Ndiye shelefu munakhoma dzana ija, pepani kunena, mwana wa sukulu akanakuposani."

"Inu pakamwa! Bwerani mundionetse popendekerapo."

Ndipo ankapita limodzi, wina atanyamula bokosi, wina manja ali kumbuyo ngati woyendera masukulu. Manjawo sankakhala kumbuyo mwaulemu chabe. A Kalipentala ankalidziwa lamulo lakuti wodwala sagwira chida, ndiye ankadzigwira okha, zala zikuyabwa. Diso lawo linali lakuthwa. Sikuluu yomasuka ankaiona ali kutali, thabwa lofumbwa ankalimva ndi phazi. A Sipanala akamagwira ntchito iwo ankakamba za mitengo imene imapala bwino, za tebulo lalikulu limene anapangira tchalitchi china ali mnyamata. Tsiku lonse, mawu oti "amisiri" a Sipanala ankawamva pakamwa pamodzi pokha.

Ndiye kunabwera Lachitatu lina, kutatsala sabata kuti oyendera zipatala afike, aliyense akuthamanga ngati nyumba yapsa. Chitseko cha bafa la wodi yachitatu chinali chitazuka hinjesi yapamwamba. Chinali chitseko cholemera, chofuna manja atatu. A Sipanala anachitsamiritsa paphewa, masikuluu awiri ali pamilomo, dzanja lina likusaka bowo, linalo litagwira sikuludiraiva yaikulu imene inkangowasokoneza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Osatembenuka n'komwe, anatambasula dzanja kumbuyo kumene kunali a Kalipentala n'kunena zimene mmisiri aliyense amanena kwa mnzake.

"Tandigwirirani ichi, amisiri."

Chidacho chinalandiridwa. Nthawi yomweyo mayi wokolopa anakuwa kuchokera kuzimbudzi kuti madzi asefukira, akulowera kumabedi. Wina anali atakankhira thaulo lonse m'chimbudzi. A Sipanala anatsamiritsa chitseko kukhoma, masikuluu n'kuwasiya pansi, n'kutola bokosi lawo liwiro. Anakhala maola awiri atagwada m'madzi oipa mpaka thaulo lija linatuluka, kenako anathandiza mayi uja kuthira mankhwala ndi kukolopa pansi ponse. Pomaliza, mutu wawo unali pa sopo ndi madzi oyera basi. Analunjika kukhomo, n'kuyala zida patebulo la mlonda.

"Khumi ndi chimodzi," anatero mlonda.

"Werenganso, iwe."

"Ndawerenga kawiri, a Sipanala. Sikuludiraiva yaikulu palibe."

A Sipanala anakumbukira pomwepo, dzanja lawo lomwe likutambasukira kumbuyo. Koma mlonda anali ataliza kale belu. Zitseko zinakhomedwa, odwala anatulutsidwa pakhonde n'kuimikidwa pamzere, anamwino akutembenuza matiresi. Panalibe amene ankaseka. Mu wodimo munali bambo wina amene mwezi wapitawo anadzicheka ndi chivindikiro cha chitini, ndipo maso a anamwino onse anali pa iye. A Sipanala anachita mantha enieni. Akanakhala kuti a Kalipentala achisiya penapake chidacho, bamboyo n'kuchitola, magazi ake akanakhala pamutu pa ndani?

Pamzerepo panasowa munthu mmodzi. A Sisitala, mkulu wa anamwino a wodiyo, anatsogola, a Sipanala pambuyo. Anawapeza a Kalipentala kumapeto kwenikweni, atagwada pansi pa bedi lomaliza, akulimbitsa mwendo wake. Belu lonse lija sanalimve. Atadzuka, nkhope yawo inali yowala moti a Sipanala anali asanaionepo chotero.

"Amisiri, bwerani muone!"

Anawakokera kubafa. Chitseko chija chinali chili m'malo mwake, chowongoka bwinobwino. Anali atapempha anzawo awiri kuti achinyamule iwo akumanga. Anachitsegula ndi chala chimodzi, n'kuchitsekanso.

"Mwamva kulira?"

"Ayi," anatero a Sipanala chapansipansi.

"Mabedi onse ndawapitira. Bedi lachinayi lija lasiya mwano." Kenako anapukuta sikuludiraiva ija pamalaya awo n'kuipereka, chogwirira kutsogolo. "Zikomo pondibwereka. Ndi yabwino, koma mlomo wake wayamba kutha."

A Sisitala anailanda isanafike m'manja mwa mwini wake.

Masana a tsiku lomwelo a Sipanala anaitanidwa ku ofesi ya a Kapitawo, bwana woyang'anira nyumba zonse za chipatala. A Sisitala anali momwemo, pepala lili pamwendo, mawu oyamba atalemba kale: wodwala anatenga chida. Anafotokoza mosazungulira kuti wodwala wotenga chida amabwezedwa ku wodi yotsekera, kumene kulibe bwalo, kulibe dzuwa, nsapato zilibe zingwe, ndipo chitseko chimatsegulidwa ndi ena. Miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso chaka. A Kalipentala anakhalako zaka zinayi asanatulukeko.

"Nkhani yake ndi yapafupi," anatero a Kapitawo, akutseka chitseko. "Munatembenuka, iye n'kupisa m'bokosi. Mwasaina apa, basi, mawa muli pantchito. Kwatsala zaka ziwiri kuti mupume, achikulire. Musadzithire dothi m'maso. Ndipo akakana, ndani angamvere za wodwala?"

A Kapitawo sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti oyendera aja apeze pepala loyera ndi mmisiri wake wakale ali pamalo. Ndipo a Sipanala, tisawabisire, anaganiza. Wodi yotsekera nayonso ili ndi masinki odontha. Akasaina, makiyi akhala nawobe, ndipo mnzawoyo azikamuonabe kumeneko kawiri pasabata, azimvabe kuti mwafika amisiri. Akanena zoona, mwina sadzalowanso m'wodi iliyonse. Bodzalo linkawasungira ntchito ndi mnzawo yemwe, pamtengo wa dzuwa la munthu wina. Cholembera chinali chitayandikira dzanja lawo.

"Sanatenge," anatero. "Ndinawapatsa ndine. Ndi dzanja ili."

"Munamupatsa? Wodwala?"

"Ndinaiwala kuti ndi wodwala, bwana."

A Sisitala anafufuta mzere uja n'kuyamba wina. A Kapitawo anagwira mutu, akuti zaka zonsezi ndimati muli ndi nzeru. Madzi akatayika saoleka.

Sanawachotse ntchito, poganizira zaka zawo. Anangowalanda makiyi a mawodi n'kuwapatsa zakunja: ngalande, maenje a zimbudzi, ng'anjo yowotchera zinyalala. M'mawodi munayamba kulowa mmisiri wina wochokera kukampani, wosalankhula ndi munthu. A Kalipentala anakhalabe mu wodi yachitatu, akuwothera dzuwa lawo pabwalo lamkati, limene a Sipanala sankaliona. Anapempha kuti akangotsanzika, mphindi imodzi yokha, koma a Sisitala anakana. Anati wodwala asokonezeka, ndipo kalata yochokera kwa akuluakulu yanena kuti phazi lawo lisapondenso pakhomopo.

Ntchito yakunja inali ya munthu mmodzi. M'mawa ankavala majombo ndi magolovesi, kutenga fosholo ndi wilibala, n'kuyamba kuzungulira makoma. Tsiku limatha osatsegula pakamwa, kupatula kutsokomola utsi wa ng'anjo. Ankadya atakhala pa wilibala yotembenuza. Zida zawo panalibenso wozifunsa, koma iwo ankaziyalabe paudzu n'kuziwerenga asanaweruke. Ankamusowa mnzawoyo koopsa, kusowa kumene anali atakuiwala chimwalirireni akazi awo.

Patatha masabata atatu, mvula inatseka ngalande yodutsa kuseri kwa wodi yachitatu. Linali dzuwa la m'mawa, a Sipanala ali m'ngalandemo mpaka m'mawondo, akuvuula matope ndi masamba, pamene anamva mawu akutsika kuchokera pakampata ka zenera la pamwamba pawo. Anaimika fosholo.

"A Sisitala, amisiri aja adwala?"

"Ali bwino. Anawapatsa ntchito ina. Imwani mankhwala."

"Ntchito ina kuti? Sananditsanzike. Kapena ndinawalakwira ndi chitseko chija? Ndikanawasiyira okha, eti? Mmisiri sakondwa wina akamumalizira ntchito."

Apa a Sipanala analephera kupirira. Anatuluka m'ngalande, matope ali chuchuchu, n'kuima ndi zala zakumapazi pansi pa zeneralo, kukamwa atalozetsa kukampata kaja.

"Amisiri! Ndili pano! Simunalakwe kanthu, chitseko chija munamanga bwino!"

A Sipanala anadikira, akumwetulira khoma. Kenako anamva bedi likulira, ndi mawu a a Kalipentala, otsika, onjenjemera, osalankhula ndi iwo.

"A Sisitala. A Sisitala, ayambiranso."

"Chayambiranso n'chiyani?"

"Mawu aja. Akunditchula. Zaka zitatu ndisanawamve. Lero abwera ndi liwu la amisiri." Anapuma movutika. "Adokotala anati mawu opanda nkhope ndisamawayankhe. Sindiwayankha, a Sisitala, onani, ndatseka makutu. Chonde musandibweze kotsekera."

A Sipanala anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti ndine ndemwe, ndine munthu, koma anazindikira kuti liwu lililonse limene angaponye pakampata kaja likagwera pamutu pa mnzawoyo ngati mwala. Anamva a Sisitala akumukhazika pansi, akumuuza kuti nawonso amva, ndi munthu weniweni ali panja. Anamvanso a Kalipentala akukana, akuti mukungonditonthoza, amisiri akanakhala pompano akanalowa.

Masana ake mlonda anabwera kuseri kuja ndi uthenga wa a Sisitala. Anati wodwala wagona atamubaya jakisoni, ndipo akupempha kuti mukamagwira ntchito kukhoma ili musamalankhule.

"Ndamva," anatero a Sipanala.

Ngalande ija inawatengera masiku ena awiri. Anaimaliza ndi manja, fosholo ataisiya patali kuti isakhule simenti, ndipo chifuwa chikawagwira ankathamangira kuseri kwa ng'anjo kukatsokomolera kumeneko.